Khutba ya Jumu'ah: Njovu za ku Lugenda ndi Amana Imene Tinasenza

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa ndi kuyamikidwa kukhale kwa Allah, amene anayala dziko nalidzaza ndi zamoyo, zam'tchire, zam'madzi ndi zam'mlengalenga, nachidziwitsa chilichonse kumene chidzapeza chakudya chake. Tikumuyamika, ndipo kwa Iye tikupempha chithandizo ndi chikhululuko. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mpaka Tsiku la Chiweruzo.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenaka inu, kuti timuope Allah poyera ndi mseri, m'mzikiti ndi m'tchire momwe mulibe diso la munthu.

Nkhani imene tabwera nayo lero ena anena kuti si ya pa mimbari. Anena kuti za njovu ndi zipembere ndi za boma, za mafiscal ndi za alendo obwera ndi makamera, ndipo ife tabwera kudzamva za Swala ndi Swaumu. Amenewo tikuwapempha atibwereke makutu kanthawi kochepa.

M'chaka cha 2015 boma linalengeza zotsatira za kalembera wa njovu amene anachitika pa ndege. M'zaka zisanu zokha njovu za dziko lino la Mozambique zinali zitatsika kuchoka pa zoposa 20,000 kufika pa 10,300. Zambiri mwa zophedwazo zinagwera kuno kumpoto, m'Reserva ya Niassa, dziko la Rovuma ndi Lugenda, lalikulu masikweya kilomita 42,000. M'menemo munali njovu pafupifupi 12,000 mu 2011, koma pofika 2016 sizinakwane 4,000. Zinaphedwa ndi mfuti za nkhondo. Nkhope zake zinatemedwa ndi nkhwangwa kuti minyanga ituluke msanga, nyama yake inasiyidwa iwole padzuwa, ndipo minyanga inaoloka Rovuma kapena kutsikira ku doko la Pemba pa ulendo wa ku Asia. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, nibereka mwana mmodzi, ndipo pamapita zaka zinayi kapena zisanu isanaberekenso. Chimene Allah anachiumba pang'onopang'ono chotero, ife tinachitha ngati moto wa m'chilimwe.

Tikuti ife, pakuti m'maboma a Mecula ndi Mavago anthu ambiri ndi Asilamu. Alendo okhala ndi mfuti sanadziwe okha kumene njovu zimamwera madzi. Panali wowalondolera njira, wowaphikira nsima, wowabisira katundu kuseri kwa nkhokwe, ndi wina amene anaona zonse natseka pakamwa. Sizingatheke kuti pakati pa onsewo panalibe woswali nafe pa Jumu'ah.

Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-An'am ndime ya 38, imatiphunzitsa kuti nyama zoyenda padziko ndi mbalame zouluka ndi mitundu monga mmene ife tilili mitundu, ndi kuti nazonso zidzasonkhanitsidwa kwa Mbuye wawo. Liwu lachiarabu limene lili pamenepo ndi umam, kuchulukitsa kwa ummah, liwu lomwe lija timadzitchula nalo ife otsatira Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam). Amene anakhalapo pafupi ndi njovu safuna tafsiri yaitali pa ndime imeneyi. Amadziwa kuti gulu limatsogozedwa ndi njovu yaikazi yokalamba imene imakumbukira madambo osauma m'chaka cha chilala, ndi kuti zimaimirira nthawi yaitali pa mafupa a inzake. Wopha mnyanga amasankha yaikulu, choncho amapha nkhalamba yosunga nzeru za gulu lonse, nasiya ana amasiye osadziwa njira.

Mtumiki (s.a.w) sanayambire pa njovu, anayambira pa mpheta. M'Hadith imene anaisunga Imam An-Nasa'i anachenjeza kuti wopha kambalame popanda chifukwa choyenera adzafunsidwa za iko pamaso pa Allah, ndipo atafunsidwa kuti choyeneracho n'chiyani, anafotokoza kuti ndiko kukazinga ndi kukadya, osati kukadula mutu n'kukataya. Tayesani mlenje wa minyanga pa sikelo imeneyi. Amadula nkhope, nataya thupi lonse. Ndipo sanganene kuti anafuna ndiwo, pakuti m'madh-hab ya Imam Shafi'i, imene ambiri kuno timatsata, nyama ya njovu siidyedwa, ndipo mnyanga wake ndi fupa la chakufa chokha, najisi, chosaloledwa kugulitsa. Tikudziwa kuti ma ulama a madh-hab ya Imam Abu Hanifa anafewetsako pa nkhani ya mnyanga, ndipo sitibisa zimenezo. Koma iwo ankakamba za chipeso cha m'nyumba. Panalibe mmodzi mwa iwo amene analoleza kufafaniza mtundu wathunthu wa zolengedwa kuti munthu wa kutsidya la nyanja akongoletse chipinda chake.

Pano tiyenera kunena chinthu chimene sichikoma m'kamwa. Malonda a minyanga si achilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1800 maulendo ankanyamuka ku Mwembe, kwa Mfumu Mataka, kupita ku Kilwa atasenza minyanga, ndipo nthawi zambiri osenzawo anali akapolo amene nawonso ankagulitsidwa akafika kugombe. Njira yomweyo ndi imene inabweretsa nsalu, mikanda ndi mfuti, ndiponso ndi imene anadzera mashehe amene anaphunzitsa makolo athu Shahada. Tikuyamika Allah chifukwa cha chiongoko, ndipo makolo amenewo ali m'manja mwa Woweruza wachilungamo. Koma tisanamizane kuti chilichonse chimene chinayenda m'njira imeneyo chinali Chisilamu. Ukapolo tinausiya ndipo palibe amaulira. Mnyanga nawonso ndi katundu wa ulendo womwewo amene tinachedwa kumutula.

Kumbukirani ngamira ya Mneneri Swalih (alaihi salaam). Anthu a Thamud anauzidwa kuti aileke idye m'dziko la Allah, asaichitire choipa, ndipo madzi anagawidwa: tsiku lake la kumwa, ndi tsiku lawo. Surat An-Naml imatchula kagulu ka anthu asanu ndi anayi amene ankaononga m'mudzimo, ndipo amene anaitema ngamirayo anali mmodzi. Koma chilango chinagwera mudzi wonse, chifukwa ma ulama a tafsiri amati onse anakondwera nacho chimene anachita. Sitikunena kuti njovu ya ku Lugenda ndi chozizwitsa cha mneneri. Ngamira ija inali chizindikiro chapadera. Chimene tikutolapo ndi chakuti dzanja limodzi likhoza kupha, mlandu n'kukhala wa onse amene anavomereza ndi chete wawo.

Ena amati: nanga boma lili ndi mphamvu yanji yotsekera munthu tchire limene Allah analenga? Funsoli Chisilamu chinaliyankha kalekale. Mtumiki (s.a.w) anapatula malo otchedwa An-Naqi', pafupi ndi Madina, kuti akhale hima, ndiko kuti malo otetezedwa pofuna ubwino wa onse. Anaikanso Madina yeniyeniyo kukhala haram, kuti mitengo yake isadulidwe ndi nyama zake zisasakidwe. Umar bin Al-Khattab (Radhiya Allahu anhu) anapatula Ar-Rabadha. N'zoona kuti hima zimenezo zinali msipu wa akavalo ndi ngamira za Zakaat, osati malo a mikango, koma maziko ake ndi amodzi: wolamula ali ndi ufulu wotseka malo ndi kuletsa chimene poyamba chinali chololedwa, ngati kutero kukuteteza anthu ku chionongeko. Pa maziko amenewa, mu Januwale 2014 bungwe la ma ulama a ku Indonesia, dziko lokhala ndi Asilamu ambiri kuposa maiko ena panthawiyo, linatulutsa fatwa yakuti kupha ndi kugulitsa nyama zimene zili pafupi kutha ndi haramu.

Chaka chomwecho dziko lathu linasintha lamulo. Kale wopha njovu kawirikawiri ankangolipira chindapusa n'kubwerera kutchire mawa lake. Lamulo nambala 16/2014 linaika ukaidi wa zaka 8 mpaka 12, ndipo lamulo nambala 5/2017 linaukweza kufika zaka 12 mpaka 16. Tcherani khutu apa, makamaka inu amalonda ndi inu oyendetsa magalimoto: lamuloli silikhudza wowombera yekha. Limakhudzanso wopereka ndalama, wosunga, wonyamula ndi wogulitsa. Ndipo silikamba za njovu yokha. Ngaka, kanyama ka mamba kaja kamene kamadzipinda kakaona munthu, kamene makolo ankakapereka kwa mfumu, lero kakusakidwa chifukwa cha mamba ake, ndipo kuyambira pa msonkhano wa CITES wa ku Johannesburg mu 2016 malonda ake pakati pa maiko analetsedwa kotheratu. Mamba amenewo, monganso nyanga ya chipembere, anapangidwa ndi zomwe zinapanga zikhadabo zathu. Mnyamata wa zaka 20 akhoza kutuluka m'ndende ali ndi zaka 36 chifukwa cha chikhadabo.

Koma lamulo ndi pepala ngati olisunga ali ndi matumba otsegula. Mu Meyi 2015 ku Matola kunagwidwa minyanga ya njovu 340 ndi nyanga za zipembere 65, ndipo pasanapite masiku ambiri zina mwa nyangazo zinabedwa m'nyumba momwe zinasungidwa. Mu Julayi chaka chomwecho boma linatentha poyera matani 2.4 a minyanga ndi makilogalamu 193 a nyanga za zipembere ku Maputo. Mtumiki (s.a.w) anatemberera wopereka chiphuphu ndi wolandira. Msilamu amene ali pa chipata cha msewu, pa doko kapena m'khoti, natseka maso chifukwa cha kanvulopu, adziwe kuti temberero limenelo silinathe mphamvu, ndi kuti ndalama yotero ngakhale ataigulira malata a mzikiti siyera. Allah ndi Wabwino ndipo salandira koma chabwino.

Tikunena mawu amenewa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah chifukwa cha ife ndi inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa kukhale kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikudziwa kuti pali ena amene akhala akumvetsera mtima ukuwawa. Akuti: Shehe akukamba za njovu chifukwa sanagonepo m'munda usiku akuimba zitini. N'zoona kuti njovu imatha munda wa chimanga usiku umodzi, thukuta la chaka chonse. N'zoona kuti ng'ona zatenga amayi padooko ndipo mikango yapha anthu. Wonena za chifundo kwa nyama naiwala mayi amene nkhokwe yake yagwetsedwa sakulankhula Chisilamu. Shariah imalola munthu kudziteteza ku chilombo chimene chamuukira, ndipo Mtumiki (s.a.w) analoleza kupha zamoyo zina zovulaza ngakhale mkati mwa Haram ya Makka. Moyo wa mwana wa Adam ndi wolemekezeka kuposa wa nyama. Koma kudziteteza kuli ndi malire ake. Amene njovu yamudyera munda akanene kwa mfumu ndi kwa mafiscal. Asatenge tsoka lake kukhala chilolezo choitanira ogula minyanga. Ndipo wothira chiphe pa nyama yakufa kuti aphe mkango umodzi amaphanso miimba, afisi, ankhandwe ndi agalu a mnansi wake, mwinanso mwana amene adzamwa pa chithaphwi chimenecho. Khwekhwe naye sasankha. Nyama imafa mmenemo masiku atatu ndi ludzu, waya atalowa mpaka pafupa. Mayi uja analowa ku Moto chifukwa cha mphaka mmodzi amene anamutsekera osamupatsa chakudya. Nanga mwini makhwekhwe makumi asanu adzati chiyani? Ndipo chimene chafera m'khwekhwe osazingidwa ndi chakufa chokha, si halali.

Kwa olamula nawonso tili ndi mawu, ndipo tiwatenga kwa Umar (r.a). Pamene anaika mtumiki wake Hunayy kuti ayang'anire hima, anamulamula kukhala wofatsa kwa anthu ndi kuopa dua ya woponderezedwa. Anamuuza kuti alole mwini ngamira zochepa ndi mbuzi zochepa kulowa, koma aletse ziweto za Abdur-Rahman bin Auf ndi Uthman bin Affan, pakuti olemerawo ziweto zawo zikafa ali ndi minda yoti atsamire, pamene wosauka adzabwera ndi ana ake kudzalira pakhomo la Khalifa. Umar anavomerezanso kuti dzikolo linali la anthuwo kuyambira kale, ndi kuti sakadatseka ngakhale kachigawo kakang'ono pakadapanda chifukwa chachikulu. Nkhaniyi ili m'Sahih ya Imam Bukhari. Taonani mmene Khalifa anaikira mpanda: wothina kwa wamphamvu, womasuka kwa wofooka. Ife nthawi zambiri timaona zosiyana, wa gwape mmodzi ali m'ndende, wa kontena ali pa ndege. Malamulo a dziko lino amati 20 peresenti ya ndalama zimene boma limapeza pa nkhalango ndi nyama ibwerere kwa anthu a m'deralo. Ndalama imeneyo si mphatso, ndi ngongole. Ifike, ndipo makomiti oilandira awerengere anthu poyera, monga timachitira ndi chopereka cha mzikiti. Ndipo mudzi ukaitana chifukwa cha njovu yovuta, oitanidwawo afike msanga monga amafikira akamva kulira kwa mfuti.

Tisachoke pano ndi mtima wakuti zonse zinatha, pakuti kutaya mtima si khalidwe la wokhulupirira. M'Reserva ya Niassa, apolisi apadera atatumizidwa kukathandiza alonda, ndege zitayamba kulondera, chaka chathunthu chinadutsa kuyambira Meyi 2018 mpaka Meyi 2019 osapezeka njovu ngakhale imodzi yophedwa ndi osaka minyanga. Ku Gorongosa nkhondo ya zaka 16 inatha nyama zazikulu zoposa zisanu ndi zinayi pa khumi zilizonse, ndipo njovu zinatsala pafupifupi 200 zokha. Pa zazikazi zimene zinapulumuka, pafupifupi theka zinali zopanda minyanga, chifukwa zoterozo ndi zimene mfuti inkazilambalala kawirikawiri, ndipo ana ake aakazi ambiri akubadwa opanda minyanga mpaka lero. Tchimo la munthu linalembedwa pankhope ya nyama. Komabe lero zigwa za Gorongosa zadzazanso, ndipo mimbulu imene inatheratu inabwezedwamo mu 2018 kuchokera ku South Africa, niswana. Ku Zinave, m'chigawo cha Inhambane, zipembere zinabwerera mu 2022 patapita zaka zoposa 40. Mneneri Nuh (a.s) analamulidwa kulowetsa m'chombo ziwiriziwiri za mtundu uliwonse, ndipo amene amanyamula zipembere pa malole mtunda wautali kuti mbewu isathe akugwira ntchito yokhala ndi fungo la lamulo limenelo, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Ndiponso sitikuyambira pachabe, pakuti kukhala bwino ndi zam'tchire timakudziwa. Ofula njuchi a ku Lugenda ali ndi kaitanidwe kawo koitanira mbalame imene m'Chiyao amati sego. Mbalameyo imabwera, niwatsogolera ku mtengo wa njuchi. Munthu amatenga uchi, mbalame nidya phula. Ophunzira a ku mayunivesite anadzayesa zimenezi nalengeza mu 2016 kuti mbalameyo imazindikiradi kuitana kumeneko, ndi kuti mlenje woitana motero amapeza njuchi pafupifupi katatu kuposa wongopanga phokoso wamba. Palibe anaiweta, palibe anaimanga. Ndi pangano la makolo ndi mbalame yam'tchire, ndipo likusungidwa mpaka lero. Njuchi zomwezo, zimene zili ndi Surah yakeyake m'Qur'an, njovu imaziopa, ndipo alimi ena amatchinga minda ndi ming'oma yolumikizidwa ndi waya, ena ndi tsabola. Sizithetsa vuto lonse, koma munda wotchingidwa ndi ming'oma umabala kawiri.

Sitingatseke nkhaniyi osatchula magazi. Mu Epulo 2025 zigawenga zinaukira msasa wa Mariri m'Reserva ya Niassa, ndipo alonda a zachilengedwe anaphedwa. Anali ana a m'midzi yathu, ofunafuna chakudya cha ana awo m'njira ya halali. Ochita zimenezo amadzitchula ndi dzina la chipembedzo chathu. Abu Bakr (r.a) potumiza asilikali ku Sham anawaletsa kupha amayi, ana ndi okalamba, kudula mitengo ya zipatso, ndi kupha mbuzi kapena ngamira pokhapokha pofuna kudya. Awa ndiwo malamulo a nkhondo ya Maswahaba. Wopha mlonda wosalakwa ndi kuthamangitsa midzi sali pa njira imeneyo, ndipo achinyamata athu amve zimenezi kuchokera pa mimbari ino asanazimve mokhota kwina.

Inu a kunyanja, a ku Metangula, Meluluca ndi Cóbuè, musaganize kuti khutba ya lero ndi ya anthu a kumtunda. Nyanja yathu mbali ya Mozambique inaikidwa kukhala malo otetezedwa mu 2011. Neti ya udzudzu inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo; ikalowa m'madzi imakokolola ndi tiana ta chambo tomwe tisanakule. Katupe m'mtsinje ndi kutchinga mathiriro pamene mpasa ikukwera kukaswana ndi ntchito imodzi ndi ya mlenje wa minyanga, kungosiyana kukula kwa chophedwa. Nyengo yotseka ikalengezedwa ndi komiti ya asodzi, Msilamu akhale woyamba kupachika khoka lake.

E Allah, tikhululukire zimene manja athu aononga pamtunda ndi panyanja, zimene tikuzidziwa ndi zimene taziiwala. E Allah, yeretsani chakudya chathu, ndipo mutikwaniritse ndi halali Yanu kuti tisafune haramu. E Allah, tetezani minda ya alimi athu ndi miyoyo ya ana athu ku zilombo, ndipo mubwezere zabwino kwa amene anataya zokolola zawo. E Allah, chitirani chifundo ophedwa mopanda chilungamo, limbitsani mitima ya amasiye awo, ndipo mubwezeretse mtendere ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. E Allah, ongolani atsogoleri athu, muwapatse alangizi oona ndi manja oyera. E Allah, tigwetsereni mvula ya madalitso, chifukwa cha ana, okalamba ndi nyama zosalankhula, ndipo musatimane chifukwa cha machimo athu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Imirirani, lungamitsani mizere, tiswali.